Botolo Lomwe Ndinapeza Pansi pa Tayala la Sipeya

Ine ndine munthu wokayikira, ndipo sindibisa. Ntchito ya unamwino inangowonjezera matendawo. Wodwala akandiuza kuti wamwa mankhwala ake onse, ndimamwetulira, ndimamuyamikira, kenako ndimasuzumira pansi pa pilo. Nthawi zambiri mapilitsi amapezeka pomwepo. Khalidwe limeneli limandithandiza kuwodi, koma ndinalakwa polowa nalo m'nyumba.

Tinkakhala ku Oldbury, ine, amuna anga ndi mwana wathu wamkazi. Ine ndinkagwira ntchito pa chipatala cha boma mu Birmingham, iwo kumalo osungira zitsulo za magalimoto ku Solihull. Amuna anga ndi Mngoni wa ku Ntcheu, koma Mngoni wosamwa, chinthu chomwe anzathu ankawaseka nacho pa zochitika zonse. Anali mkulu wa mpingo kutchalitchi kwathu. Ngakhale thobwa likagona masiku awiri ankalinunkhiza n'kulibweza. Zaka khumi ndi zinayi za banja, sindinawamvepo fungo la mowa, ndipo ndinkanyadira zimenezo pamaso pa amayi anzanga mpaka ena ankanyansidwa nane.

Lachiwiri lina mu February ndinali pa ofu. Iwo anapita kuntchito ndi mnzawo, galimoto n'kundisiyira kuti ndikagule zakudya. Ndisanatuluke n'komwe mumsewu wathu ndinaona kuti tayala lina laphwa pang'ono. Ndinatsegula buti, ndinakweza kapeti kufuna pampu, ndipo pansi pa tayala la sipeya ndinaona jekete lawo lakale la kuntchito litakulungidwa bwinobwino. Nditalifunyulula munatuluka botolo la vinyo woyera, losatsegula.

Aaa! Ndinaima pamenepo mphepo ikundimenya, botolo lili m'manja. Chikhala kuti chinali chitini cha mowa, ndikanati bambowa agwa m'mayesero, tipemphere. Koma vinyo woyera? Ndagwira ntchito ndi azungu zaka zambiri, ndimadziwa amene amaitanitsa vinyo woyera pa maphwando a Khirisimasi a kuwodi. Ndi azimayi. Mwamuna wosamwa akabisa vinyo woyera m'jekete, pansi pa tayala, ndiye kuti pali womwa wake. Banja langa linali pamoto, ine ndili kalikiliki ndi mashifiti.

Ndinajambula pepala la pabotolo ndi foni. Panali chithunzi cha phiri, ndi mawu akuti Chenin Blanc, pansi pake Swartland, South Africa. Kenako ndinatenga utoto wanga wa zikhadabo, ndinadontheza kadontho kofiira kunsi kwa botolo kuti akasintha ndidziwe. Ndinakulunganso monga mmene linalili n'kubwezera pamalo pake.

Madzulo ake ndinawaphikira, ndinawapatsa madzi osamba m'manja, ndikuwayang'ana m'maso ngati muli zolemba. Iwo phee, akudya, akufunsa mwana za kusukulu. Mwanayo ndi amene anandizindikira. Anandiyang'ana n'kunena m'Chingerezi chake chija, “Mum, why are you staring at Dad?” Ndinamuuza kuti adye msanga akachite homuweki.

Woyamba kumuganizira anali mtsikana wina wa ku Zambia, wosamalira okalamba, yemwe anali atangobwera miyezi isanu ndi itatu yapitayo. Ankakhala ku Foleshill, ku Coventry, ndipo Lamlungu mabasi akavuta amuna anga ankamupatsa lifiti. Ndine ndemwe ndinayambitsa zimenezo, ndi pakamwa pangapa, pomumvera chisoni mwana wa eni ake. Tsopano ndinayamba kuwerengetsa. Kupita ku Foleshill ndi kubwera, n'chifukwa chiyani ankatenga maola atatu? Iwo ankati amaima pa Foleshill Road kugula ufa ndi nsomba zouma, ndipo ufawo ankabweradi nawo. Koma wakuba wochenjera amabwera ndi umboni wake. Lamlungu lotsatira mtsikana uja anandipatsa moni mwansangala, “Muli bwanji, ba mami?” Ndinamuyankha ndi mano okha. Ndinayang'ana nsapato zake, tsitsi lake, mpaka mmene ankatsegulira Baibulo, ndipo chilichonse chinkandinyansa.

Sindinafune kuchita phuma. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndinayamba ndi vinyoyo. Ndinazungulira masupamaketi onse a ku Oldbury ndi ku West Bromwich, ine mayi wa chigwirizano, kuima pa mashelefu a mowa, khosi lili cheucheu kuopa kukumana ndi wa kutchalitchi. Vinyo wa ku South Africa analipo wambiri, koma wa chithunzi cha phiri lija panalibe. Zimenezo zinandipweteka kwambiri. Ndiye kuti sanangotola botolo lililonse popita kukalipira. Analifunafuna, monga mmene munthu amafunira mphatso ya amene amamukonda.

Pa ofu yotsatira ndinakwera sitima kupita ku Solihull. Ndinaganiza kuti munthu amagula pafupi ndi kumene amagwira ntchito. Shopu yachitatu inali yaing'ono, yogulitsa vinyo yekhayekha, mwini wake mzungu wachikulire wa magalasi olendewera pakhosi. Ndinamuonetsa chithunzi cha pafoni. Nkhope yake inawala ngati ndamuonetsa mdzukulu wake.

Anayamba kundiphunzitsa ndisanamufunse. Anati Chenin Blanc ndi dzina la mtundu wa mphesa, mphesa zoyera zomwe kwawo kwenikweni ndi ku France, koma zinakakhazikika ku South Africa mpaka kumeneko n'kumene zimalimidwa kwambiri. Swartland ndi dera la kumpoto kwa Cape Town, louma, lotentha, la minda ya tirigu. Mipesa yake yambiri ndi yakalekale, yaifupi ngati zitsamba, yopanda mawaya oyangapo, ndipo sathirira. Mizu imadzifunira yokha madzi pansi. Wothyola amagwira ntchito chowerama tsiku lonse. Anati pamene kuno tikunjenjemera ndi chisanu, kumeneko dzuwa likuswa mtengo ndipo anthu ali mkati mokolola. Anawonjezera kuti vinyoyo amamveka ngati mapeyala ndi uchi pang'ono, ndipo anafuna kundithirira kuti ndilawe.

Ndinakana. Za mapeyala ndi uchi zinali zake. Ine ndinafunsa funso langa mozungulira, kuti kodi vinyo ameneyu amagulidwa kwambiri?

“Ayi,” anatero m'Chingerezi. “Ndimaitanitsa mabotolo ochepa. Pali bambo mmodzi, wa ku Africa, waulemu kwambiri, amabwera February aliyense. Botolo limodzi basi, ndipo safuna lina koma lomweli. Chino ndi chaka chachisanu.” Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. “Kapena ndinu akazi awo?”

Ndinati ayi, ndine mlongo wawo, ndipo ndinatuluka.

Zaka zisanu! Mtsikana wa ku Zambia uja zaka zisanu zapitazo n'kuti ali ku Kitwe. Ndinamuchimwira mwana wa eni ake, koma panthawiyo ndinalibe mpata womvera chisoni munthu. Mdani wanga anali wamkulu kuposa mmene ndinkaganizira, wokhazikika, wokhala ndi tsiku lake pa chaka. Musitima ndinayamba kusanthula. Amuna anga anakhalako ku Joni zaka zisanu ndi chimodzi tisanakumane. Ndikawafunsa za kumeneko ankangoti, “Ndinkagwira kumunda,” nkhani n'kuthera pomwepo. Ndinaganiza kuti mkaziyu ndi wa kumeneko, anawatsatira kuno, ndipo chaka chilichonse amakumbutsana za kwawo ndi vinyo wa kwawo. Ndinamuona m'maganizo mwanga, woyera khungu, wa milomo yofiira, akuseka namwino wopusa amene amagwira mashifiti owonjezera. Pofika ku Birmingham n'kuti nditamupatsa kale ndi ana awiri.

Bwanji sindinangowafunsa? Funso limeneli ndadzifunsa kambirimbiri. Ndinkaopa kuti andinamiza mwaluso ndipo ndiwakhulupirira. Ndinkafuna kugwira ndi manja, kuona ndi maso, pakhalenso mboni.

Lachinayi anandiuza kuti Loweruka apita kudimba. Tili ndi kamunda kobwereka kukhonsolo, cha kuseri kwa njanji, komwe amalima mpiru, nkhwani ndi chimanga chomwe sichikhwima bwino. Pali ndi kashedi kosungiramo makasu, kachitseko kake ndi loko. Koma mu February? Nthaka ili gwa ndi chisanu, palibe chomera ngakhale bonongwe. Ndinati, “Mukalima chiyani nyengo ino, bambo?” Anati akungokaona mpanda. Galu wamkota sakandira pachabe.

Kwathu nkhani ya banja ikafika pamenepa imapita kwa ankhoswe. Kuno tilibe amalume, choncho titangofika tinapempha banja lina la kutchalitchi kuti litiimirire. Bamboyo amayendetsa basi, ndipo ndiye mlembi wa bwalo la akulu a mpingo. Mayiyo ndi namwino wamkulu kwa ine, wamtima wabwino, woyamba kufika pa maliro ndi pa matenda, koma pakamwa pake palibe chitseko. Ndinkadziwa zimenezo. Ndinapitabe, ndinakhala pa sofa pawo, ndinalira, ndinaonetsa chithunzi cha botolo.

Bamboyo anati, “Mayi, bwanji tiwaitane bambowa tikhale pansi?”

Ndinati, “Akana. Mukuwadziwa mmene amayankhulira mofatsa. Mudzatuluka muno mukuti wopenga ndine. Tiyeni tikawapeze konko.”

Mayiyo anandigwira dzanja. “Amuna ndi ana, achemwali. Tipita.”

Loweruka m'mawa amuna anga anasamba, anameta ndevu, anavala shati yoyera yosita. Kudimba! Atatuluka ndinaona kuti m'kabati ya pabalaza mulibe chipanda changa, chija mayi anga anandipatsa pochoka kumudzi, chomwe timangokongoletsera nyumba. Apa ndiye ndinapsa mtima zenizeni. Akamwetsane vinyo m'chipanda cha mayi anga? Ndinaimbira ankhoswe, ndipo pasanathe theka la ola anali pakhomo.

Tinafika cha m'ma leveni. Galimoto yathu inali pageti, yokha. Tinayenda mwakachetechete pakati pa timinda ta anthu, ine patsogolo, mayi aja pambuyo panga foni ili m'manja, bambo aja akutsalira ngati akuwakoka ndi chingwe. Kashedi kanali kotseka, loko ali pomwepo. Mawu ankachokera kuseri kwake.

Ndinasuzumira. Amuna anga anali okha. Anali atavula nsapato ndi sokosi, atagwada pa nthaka yozizira ija ndi buluku lawo la kutchalitchi. Patsogolo pawo anali atakumba kadzenje. Anathira vinyo m'chipanda, anagwira ndi manja awiri, n'kumatsanulira m'kadzenjemo pang'onopang'ono uku akuyankhula.

“Mphwanga, ndine. Ndabweranso. Kumunda kwako kuja ayamba kuthyola, dzuwa lake ndi lomwe lija. Imwa, uziziritse kukhosi. Ndi za m'mizere yomwe ija, phiri lake ndi lomwelo. Amayi ali bwino, miyendo yokha ndiyo ikuvuta. Amakufunsa. Chaka chino ndalepheranso kuwauza. Undikhululukire, ndinakuthawa.”

Mayi aja anafuula, “Yesu wanga! Akulu a mpingo akuthira nsembe!”

Amuna anga anatembenuka. Anayang'ana bambo aja, anayang'ana mayi aja ndi foni yawo, kenako ine. Sanadzidzimuke ngati wogwidwa. Anamaliza kutsanula zomwe zinatsala m'botolo, anakwirira kadzenje ndi manja, n'kukhala pa ndowa yovundikira. Mapazi awo anali atatuwa ndi kuzizira.

Mlamu wanga ameneyu sindinamuonepo. Pamene ndinkalowa m'banjamo, onse ankanena kuti mng'ono wa amuna anga ndi mtchona, anapita ku Joni n'kuiwala kwawo. Apongozi anga ankamutchula pa pemphero lililonse, ndipo aliyense wochokera ku Joni ankamufunsa ngati anamuonako. Ine ndinkamutukwanira mumtima kuti ndi mwana wosayamika.

Bambo aja anafunsa mwaulemu, “Akulu, zimenezi ndi zotani?”

Amuna anga anafotokoza maso ali pansi. Anapita awiri ku Joni, opanda mapepala, iwo ndi amene anamutenga mng'ono wawoyo kumudzi atalonjeza amayi awo kuti akamusamala. Anapeza ganyu yothyola mphesa ku Swartland. Tsiku lina mu February, dzuwa lili paliwombo, mnyamatayo anati mutu ukumuwawa. Iwo anamuuza kuti alimbe mtima amalize mzere. Anagwa pakati pa mipesa, ndipo pamene ankamuthira madzi n'kuti atapita kale. Kapitawo anati apolisi akubwera, aliyense wopanda mapepala asaoneke. Iwo anathawa. Anabisala masiku atatu, ndipo pobwerera anamva kuti mtembo unatengedwa ngati wa munthu wopanda abale. Kumene anaikidwa sakudziwa mpaka lero. Kumudzi analemba kalata yoti mng'ono wawo wapita ku tauni ina kukafuna ntchito yabwino.

“Sanalilidwe,” anatero. “Sitinamete, sitinamufululire mowa, palibe chimene chinachitika. Tsiku lina ndikudutsa pa shopu ndinaona phiri la kumunda kuja pa botolo. Ndinalowa. Sindikudziwa ngati amamva. Koma ndikapanda kubwera kuno, February sindigona.”

Ine ndinali nditagwira pakamwa. Manyazi amene ndinamva sindingathe kuwafotokoza. Mkazi wa milomo yofiira uja, ndi ana ake awiri, ndinamuumba ndekha musitima. Munthu amene ndinkagona naye chipinda chimodzi anasenza maliro yekha zaka zonsezi, ndipo ine, namwino wodzitama kuti palibe chondidutsa, chimene ndinaona ndi chibwenzi.

Bambo aja anakanda m'mutu. Anati akumva chisoni kwambiri, koma iwo ndi mlembi, ndipo zimene aona ndi maso sangazibise ku bwalo la akulu a mpingo. Amuna anga anati, “Kanenani. Udindo wangawo tengani.” Kenako anatembenukira kwa mayi aja. “Nanga inu mayi, mwauza kale angati?”

Mayi aja anabisa foni kumbuyo. Anati sanauze munthu, kupatula amayi awiri atatu a pagulu lathu la pafoni, kuti atipempherere pa ulendowu. Ndipo kanema anali atajambula kale, chiyambire pamene tinasuzumira. Analumbira kuti afufuta. Tonse anayi tinkadziwa kuti pagulu limenelo pali amayi a ku Ntcheu osachepera atatu, ndipo mmodzi mwa iwo kwawo ndi kufupi ndi msika umene apongozi anga amagulako mchere. Nkhani ikanafika kumudzi dzuwa lisanalowe, kanema akhalepo asakhalepo. Madzi akatayika saoleka.

Amuna anga anapempha ankhoswe kuti atisiye. Anachoka mwachangu, mayi aja akulira, bambo aja akuwakalipira chapansipansi. Tinatsala awiri.

Ndinagwada pa matope paja. Ndinati, “Bambo, ndalakwa. Ndimaganiza kuti pali mkazi. Ndimaopa kuti banja langa likutha.”

Anandiyang'ana opanda mkwiyo, ndipo bwenzi zili bwino akanandikalipira. Anati, “Botolo munaliona liti?”

“Masabata awiri apitawo.”

“Masabata awiri tikudya mbale imodzi. Munakwera sitima, munakauza anthu, koma ine simunandifunse.”

Ndinafuna kuyankha kuti nawonso anakhala zaka khumi ndi zinayi osandiuza. Mwina mawuwo anali oona, koma ndinawameza.

Anapukuta manja pa shati yoyera ija, anatulutsa foni m'thumba. Anati amayi awo sangamve imfa ya mwana wawo kwa anthu a pamsika. Anafufuza nambala n'kuimba. Kumudzi inali nthawi ya chakudya cha masana. Inaitana kanayi, kenako ndinamva mawu a apongozi anga, okondwa, akufunsa ngati kuno chisanu chatha.

Ndinadzuka, ndinasendera pafupi kuti ndiwagwire paphewa. Anaphimba foni ndi dzanja.

“Imani uko, mayi,” anatero mofatsa. “Izi ndi za kwathu.”

Chikwatiranireni anali asananenepo mawu amenewo kwa ine. Ndinabwerera m'mbuyo mpaka kumpanda, ndinaima pamenepo manja ali lende. Ndinawaona akuwerama, akuyankhula motsitsa. Kenako, kuchokera pa kafoni kaja, ndinamva apongozi anga akuyamba kulira maliro.